Phunziro la Zaumoyo: Cifukwa Cake Omanga Nyumba Afika Mocedwa ku Cipatala

M'makomboni a Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ndiponso ku Katete, Petauke ndi Lundazi, mabanja ambiri amadya nsima yocokera ku nchito yomanga. Wina ndi mmisiri wa njerwa ndi mabuloko, wina ndi kalipentala wokhoma denga, wina ndi dakaboyi wosakaniza simenti ndi mcenga, ndipo wina ndi mai wophwanya miyala m'mbali mwa mseu kapena wotungira omanga madzi. Nchito imeneyi ndi yolemekezeka, koma ili m'gulu la nchito zoopsa kopambana. Mu 2005 bungwe la ILO, loona za nchito pa dziko lonse, linanena kuti anthu osacepera 60,000 amafera pa malo omanga caka cili conse, ndiko kuti pafupifupi munthu mmodzi pa mphindi 10 zili zonse.

Anamwino ndi madotolo amadziwa cinthu cina cimene sicioneka m'ziwerengerozo. Womanga wobvulala kawirikawiri safika ku cipatala tsiku limene wabvulala. Afika patapita masiku anai kapena asanu, bala litatupa ndi kuyamba kununkha. Akafunsidwa cifukwa cake wacedwa, si nthawi zonse pamene amadandaula za mtunda kapena ndalama ya basi. Ambiri amati anaopa akapitao, anaopa kudulidwa malipiro a tsikulo, kapena anaopa kusekedwa ndi anzao kuti ndi amuna ofooka. Motero phunziro la lero likhudza zinthu ziwiri zimene ziyendera pamodzi: ngozi ndi matenda a nchito yomanga, ndiponso mkhalidwe wa pa nchito umene umatseka anthu pakamwa.

SIMENTI IMAOCHA POPANDA MOTO

Nkhani ya mtundu uwu si yacilendo. Mnyamata walembedwa ganyu tsiku lothira silabu. Wapatsidwa majombo ong'ambika, kapena wangolowa ndi patapata. Konkire yalowa m'jombo m'mawa, koma iye samva kupweteka kuli konse, ndipo apitiriza kukankha wilibala kufikira dzuwa litalowa. Madzulo khungu lafiira. M'mawa mwake patuluka matuza. Kwa akapitao sanena kanthu, popeza anamva ndi makutu ake mnzake wina akuuzidwa kuti, "Ngati walema pita, pa geti pali ena khumi ofuna nchito." Kunyumba apaka mankhwala otsukira mano, wina amuuza za oilo wa galimoto. Pofika ku cipatala tsiku lacisanu, khungu la pa akakolo ladyeka mpaka mkati, ndipo bala loti likadapewedwa ndi ndowa imodzi ya madzi limugoneka m'wadi kwa milungu.

Simenti yonyowa ili ndi ukali wa mtundu umodzi ndi soda uja wopangira sopo. Pa muyeso wa pH madzi akumwa ali pa 7, koma simenti yonyowa ifika pa 12 kapena 13. Kuipa kwake ndi kwakuti imadya khungu pang'onopang'ono, munthu osamva ululu kwa maola angapo. Malo amene imakonda ndi amene yatsekeredwa: mkati mwa jombo, m'maondo mwa munthu wogwada posalaza silabu, ndi pansi pa lamba kapena wochi.

Cithandizo coyamba ndi madzi. Wobvulala abvule jombo kapena cobvala cimene canyowa, ndipo atsuke malowo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosacepera 20. Asapakepo mafuta, dzira, phulusa kapena mankhwala a mano. Ngati khungu lafiira kwambiri, lasintha mtundu kapena latuluka matuza, apite ku kiliniki tsiku lomwelo. Simenti kapena laimu ikagwera m'diso ngozi ndi yaikulu koposa, pakuti diso likhoza kucita khungu. Mnzake amutsegule zikope ndi kuthira madzi mosalekeza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, osatikita, kenaka amuperekeze ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale iye atanena kuti wayamba kupeza bwino.

Palinso nthenda ya m'manja imene amisiri akale amaiyesa cizindikiro ca umisiri. Zikhatho zimauma, zimang'ambika ndi kuyabwa. Kwa ena cocititsa ndi mcere wochedwa chromium wopezeka m'simenti, ndipo thupi likayamba kudana nao silileka moyo wonse. Mmisiri wotere angakakamizike kusiya nchito ali ndi zaka 40. Magolovesi osalowa madzi ndi kusamba m'manja ndi sopo zimathandiza. Kusamba ndi dizilo, palafini kapena mankhwala osungunulira penti kumaononga khungu koposa.

KUGWA NDI KUKWIRIRIDWA

Pa ngozi zonse zopha omanga, kugwa kucokera pamwamba ndiko kuli patsogolo. Sipafunika nyumba ya nsanjika zambiri. Munthu wogwa kucokera pa denga la nyumba wamba angathyoke msana kapena kusweka mutu. Nsanja zambiri zoimapo omanga m'makomboni, zimene eni ake amazicha sikafodi, ndi migolo iwiri ndi thabwa limodzi, kapena mapolo a bulugamu omangidwa ndi waya. Makwerero amaimikidwa mocita kutsamira pang'ono cabe. Muyeso wabwino ndi wakuti pa mamita 4 ali onse okwera, phazi la makwerero litalikire mita imodzi kucokera ku cipupa, ndipo mutu wake upitirire pafupifupi mita imodzi pamwamba pa malo otsikirapo. Madenga akale a asibesitasi nao ndi msampha: amaoneka olimba koma amaboola pansi pa phazi popanda cenjezo.

Apa ndi pamene mkhalidwe wa pa nchito umaonekera bwino. Nsanja isanagwe, nthawi zambiri pamakhala munthu amene anaiona ikugwedera. Kawirikawiri ndi dakaboyi, cifukwa ndiye amakwera ndi kutsika tsiku lonse atasenza daka. Funso ndi lakuti, kodi mnyamatayo ali ndi ufulu wouza mmisiri wamkulu kuti, "Amdala, thabwa ili lang'aluka"? Pa malo ena angayankhidwe kuti, "Iwe mwana wadzulo, ufuna kundiphunzitsa nchito?" Akayankhidwa tero kamodzi, tsiku lina adzangoyang'ana kumbali. Thabwa lija likadzathyoka anthu adzati ndi tsoka, ena adzati ndi mankhwala a mnansi wanjiru, pamene linali bvuto lodziwika kuyambira Lolemba.

Munthu akagwa, anzake mwa cifundo amathamangira kumunyamula miyendo ndi manja ndi kumukhazika m'galimoto. Kunyamula kotere kwapuwalitsa anthu amene akadayendanso. Amene akumva kupweteka m'khosi kapena kumsana, kapena amene miyendo yake yacita dzanzi, asadzutsidwe. Mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena atatu kapena anai amusunthe thupi lonse pamodzi monga mtengo, namugoneka pa citseko kapena thabwa lalikulu. Asapatsidwe madzi kapena cakudya, popeza mwina adzafunika opaleshoni.

Amai a pa nyumba asunge bwino mfundo iyi. Mwamuna amene wagunda mutu angadzuke, kuseka ndi kumaliza nchito, koma magazi akudontha pang'onopang'ono mkati mwa cigaza. Zizindikiro zimadza patapita maola, iye ali kale kunyumba. Ngati mutu ukupweteka moonjezereka, akusanza, akuodzera mosadzutsika, akulankhula zosamveka, wagwa ngati wa khunyu, kapena magazi kaya madzi oyera akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, asadikire kuce. Usiku woyamba asamwe mowa ndipo asagone yekha. Mabanja ena anamuyesa woledzera namufunditsa bulangeti, m'mawa napeza zinthu zitaipa.

Maenje a zimbudzi, zitsime ndi ngalande za mipope amapha mwa njira ina. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi. Likagumukira munthu kufika m'cifuwa, iye sangathe kupuma ngakhale mutu uli panja. Dzenje lili lonse lofika m'cifuwa mwa wokumba lifunika kuchirikizidwa ndi matabwa kapena kukumbidwa motsetsereka, makamaka mvula itagwa. Dothi lofukulidwa lisaunjikidwe pamphepete penipeni, ndipo wokumba asasiyidwe yekha.

FUMBI, MAPAPO NDI TB

M'miyala, mumcenga ndi m'konkire muli fumbi lochedwa silica. Loopsa si lija looneka ndi maso, koma losalala kwambiri limene limatsika mpaka pansi pa mapapo. Limatuluka podula mabuloko ndi matailosi ndi makina, pobowola zipupa, pophwanya miyala ndi posesa pouma. Mapapo amacita zipsera ndi kuuma, nthenda yochedwa silicosis, imene anthu a ku migodi ya ku Copperbelt anaidziwa kalekale. Imaonekera patapita zaka 10 kapena 20, munthu nayamba kupuma mobanika pokwera kaphiri kamene kale anali kukwera akuimba. Ilibe mankhwala ocizira.

Coonjezera apo, mapapo oonongeka ndi fumbi limeneli amagwidwa TB mosabvuta kuposa mapapo abwino, ndipo ngati munthuyo alinso ndi kacilombo ka HIV ngozi imakula kwambiri. Amai ophwanya miyala ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi ana amene amakhala kumsana kapena kusewera pambali pao tsiku lonse. Mpango womanga pamphuno sutsekereza fumbi losalala. Cothandiza ndi kuthira madzi podula ndi posesa, kuima kumene mphepo ikucokera, ndi kubvala masiki eni eni monga a N95.

Womanga amene wakhosomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, apite kukapimitsa makhololo. M'zipatala za boma mankhwala a TB ndi aulere, ndipo ambiri amamwa kwa miyezi 6. Amene wayamba kumwa bwino mankhwala amaleka msanga kupatsira anzake. Woopsa kwa gulu ndi uja amene akubisa cifuwa cifukwa adziwa kuti akanena adzacotsedwa. Iye adzapitiriza kugona m'kanyumba kamodzi ka malata ndi anzake asanu ndi mmodzi. Bwana amene amacotsa odwala TB amadzipangira yekha gulu la anthu obisa.

Asibesitasi ndi fumbi lina locenjera nalo. Likhoza kubweretsa khansa ya m'cifuwa patapita zaka 20 mpaka 40. Madenga ndi mipope yakale ya mtundu umenewu isadulidwe, isabowoledwe kapena kupalidwa youma. Ovololo ya fumbi isakutumulidwe m'nyumba kapena pafupi ndi ana. Inyikidwe m'madzi coyamba, ndipo icapidwe payokha.

MSOMALI NDI DZUWA

Kuponda msomali kumaoneka ngati nkhani yaing'ono. Koma kacilombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamakonda bala lakuya la kamwa laling'ono. Nthenda imayamba pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada zimauma, khosi ndi msana zimakokeka, ndipo ambiri amafa ngakhale afike m'cipatala. Amai amalandira katemera wa kafumbata akapita ku sikelo ya mimba, koma amuna ambiri sanalandirepo cicokere ku ubwana. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo wobvulala akalandire jekeseni tsiku lomwelo. Dothi, ndowe, madzi a m'batire ndi mafuta a mabuleki si mankhwala.

Za kutentha kwa October ali yense adziwa. Mkodzo wocepa ndi wofiirira usonyeza kuti madzi acepa m'thupi. Munthu akayamba kuzunguzika ndi kulankhula zosokonezeka padzuwa, aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse, akupizidwe, ndipo atengeredwe ku cipatala. Mowa wa m'mawa suonjezera mphamvu monga ena amanenera. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu sanathe, ndipo woledzera pa nsanja aika pa ngozi ndi amene ali pansi pake omwe.

AMAI PA MALO OMANGA

Amai olowa nchito yomanga akuculuka, ena monga amisiri ophunzira bwino, ena monga otunga madzi ndi osenza mcenga. Bvuto lao loyamba ndi limene amuna saliganizira konse: cimbudzi. Pa malo ambiri palibe, kapena cilipo cimodzi copanda citseko. Mwamuna amapita kuseri kwa cipupa. Mai amaleka kumwa madzi kuti asafune kukodza, nasunga mkodzo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zotsatira zake ndi matenda a cikhodzodzo obwerezabwereza ndi kukomoka padzuwa. Akakhala kumwezi amangojomba, nataya malipiro. Cimbudzi cotsekeka, madzi ndi sopo si zinthu zapamwamba. Amene akumbukira kolera ya ku Lusaka ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya 2023 mpaka 2024 imene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, adziwa cimene malo a anthu ambiri opanda cimbudzi angabweretse ku komboni yonse.

Zobvala zodzitetezera nazo zimagulidwa pa msinkhu wa amuna. Jombo lalikulu limapunthwitsa, ndipo golovesi yolendewera imakodwa m'makina. Mai woyembekezera asamasenze matumba a simenti a makilogalamu 50 kapena kukwera pamwamba, koma mimba si cifukwa comucotsera nchito. Pali nchito zapansi zambiri zimene angagwire. Lamulo la nchito la Employment Code la 2019 linaletsa tsankho cifukwa ca mimba, kukhala mkazi, mtundu, cilankhulo, kulemala kapena umoyo wa munthu, ndipo linaika chuthi ca ucembere ca milungu 14.

Bvuto lina ndi lamanyazi kulichula, koma liyenera kuchulidwa. Alipo akapitao amene amauza mai kuti dzina lake lidzalembedwa m'buku la mawa pokhapokha atabvomera kugona nao. Alipo anyamata amene amagwira thupi la mai podutsa, nati ndi nthabwala cabe. Izi si nthabwala. Malamulo a Anti-Gender-Based Violence a 2011 ndi a Gender Equity and Equality a 2015 anaziika m'gulu la nkhanza. Wocitiridwa zotere angakanene ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi. Amene wagwiriridwa afike ku cipatala asanathe maola 72, cifukwa mankhwala ochedwa PEP oteteza ku HIV amagwira nchito akayambidwa m'nthawi imeneyo, ndipo kufulumira ndiko kwabwino koposa. Mankhwala oletsa mimba yosafunika aliponso. A pabanja asayambe ndi kumufunsa cimene anali kufuna pa nchito ya amuna. Funso limenelo ndilo limacedwetsa ambiri mpaka maola aja atatha.

AMENE AMABISA, NDI AMENE SAMVA CILANKHULO

Pali ena amene amati kulandira anthu a mitundu yonse pa nchito ndi nkhani ya cifundo cabe, yosakhudzana ndi ngozi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo citsanzo ca khunyu cionetsa bwino. Munthu wodwala khunyu amene amamwa mankhwala ake angathe kuumba mabuloko, kusunga katundu m'sitolo kapena kupaka pulasitala pansi. Cimene sayenera ndi kukwera denga, kulowa m'citsime kapena kuyendetsa makina. Ngati adziwa kuti akaulula adzapatsidwa nchito yapansi, adzaulula. Ngati adziwa kuti adzapitikitsidwa ndi kusekedwa, adzakhala cete, ndipo tsiku lina adzatumidwa pa denga.

Cimodzimodzi ndi womwa ma ARV. Afunika tsiku lokatenga mankhwala popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa gulu. Akakanizidwa amadumphitsa mankhwala, ndipo pakapita miyezi afooka. Wodwala shuga afunika kudya pa nthawi yake. Munthu wa khungu la cialubino afunika cipewa cacikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi nchito ya pamthunzi masana, pakuti khansa ya pakhungu ndiyo mdani wake wamkulu. Wosamva bwino makutu sadzamva mfuu yakuti "Thawa!" ndipo anzake ayenera kupangana naye zizindikiro za manja. Amisiri ambiri akale makutu ao anagontha ndi phokoso la makina, ngakhale sabvomera.

Cilankhulo ndi cinthu cina. Pa malo amodzi pangakhale olankhula Cinyanja, Cinsenga, Citumbuka ndi Cibemba, ena ocokera tsidya la Mwami kapena Chanida, ndi mabwana ocokera maiko akutali amene amalamula ndi manja. Cikwangwani ca Cingelezi sicithandiza munthu amene sawerenga. Wacilendo amagwedeza mutu kuti wamva, poopa kuoneka wopusa. Akale anati safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa kumene funso lake limalandiridwa. Njira yosabvuta ndi yakuti amene wapereka malangizo apemphe wophunzirayo kuti aonetse ndi manja ake cimene wauzidwa. Masiku oyamba pa nchito ndiwo a ngozi zambiri, ndipo mwambo uja wotuma watsopano nchito yoopsa kuti aone ngati ndi mwamuna wabvulaza ana a eni ambiri. Mwana wosakwana zaka 18 asapatsidwe konse nchito yoopsa, ngakhale pa chuthi ca sukulu.

KAPITAO WABWINO

Malo a nchito abwino amadziwika ndi zinthu zazing'ono. M'mawa uli wonse gulu limaima pamodzi mphindi 10, kapitao nanena nchito ya tsikulo ndi ngozi zake m'cilankhulo cimene onse akumva. Kenaka amafunsa, kuyambira kwa wamng'ono, ngati pali cimene waona. Njerwa ikagwa kucokera pamwamba niphonya munthu, nkhaniyo imakambidwa monga ngati yamugwera, cifukwa mawa sidzaphonya. Amene wanena za thabwa long'aluka amayamikiridwa pamaso pa onse, ngakhale nchito icedwe theka la ola. Watsopano amaperekedwa m'manja mwa mmisiri wamkulu kwa mlungu woyamba. Kapitao mwini amabvala cisoti, popeza anyamata amatsanzira zimene amacita koposa zimene amanena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo maso a kapitao mmodzi sangaone misomali yonse.

Lamulo la Occupational Health and Safety la 2010 linalamula kuti malo a anchito 10 kapena kuposerapo akhale ndi komiti ya zaumoyo ndi citetezo, ya oimira abwana ndi oimira anchito. Komiti yotere ikakhala ya amuna aakulu okhaokha, nkhani ya cimbudzi ca amai ndi ya majombo a madakaboyi sidzamveka.

CIPUKUTA MISOZI

Lamulo la Workers' Compensation la 1999 linakhazikitsa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola, kuti lithandize obvulala kapena odwala cifukwa ca nchito, ndi mabanja a omwalira. Ndalama zosonkha kumeneko ndi udindo wa wolemba nchito, osati wa wanchito. Makontrakita amalembetsedwanso ndi bungwe la National Council for Construction. Wolowa nchito ali ndi ufulu wofunsa ngati abwana ake analembetsa.

Ambiri amataya cithandizo cimeneci pa khomo la cipatala penipeni. Bwana amapereka kandalama ka m'manja nati, "Ukanene kuti wagwa pa njinga." Wodwala amanena zomwezo, ndipo zimalembedwa pa khadi. Pakapita miyezi, mwendo wakana kupola, kandalama kaja kanatha kale, koma pepala la cipatala likunena za njinga. Bodza limeneli limasokonezanso dotolo, amene akadziwa kuti munthu wagwa kucokera pa denga amapima msana ndi m'mimba mosamala koposa. Wobvulala anene zoona: malo, tsiku, ola ndi cimene anali kucita. A pabanja alembe maina a amene anaona, asunge khadi, mapepala a X-ray ndi malisiti, ndipo ngati abwana akuzemba apite ku ofesi ya zanchito ku Boma nkhani isanazizire.

MWINI PULOTI NAYENSO NDI BWANA

Nyumba zambiri za m'makomboni sizimangidwa ndi makampani. Zimamangidwa ndi mphunzitsi, wamalonda wa pa msika kapena mai wamasiye amene wasunga ndalama zaka zambiri, nalemba mmisiri mmodzi ndi anyamata awiri. Banja lotere, ngakhale silidziona tero, ndilo bwana pa malowo. Pokambirana mtengo ndi mmisiri likambirenso za majombo, magolovesi ndi matabwa olimba a nsanja. Lisakakamize anthu kumaliza denga mvula ikugwa kapena mdima utayamba, ndipo lisalipire ganyu ndi mowa. Pa puloti pakhale cimbudzi, madzi akumwa, sopo, nsalu zoyera zomangira bala, ndi mgolo wa madzi oyera wosungidwira kutsuka maso ndi khungu tsiku lothira konkire. Mawaya a magetsi odutsa pafupi ndi denga ayang'anidwe malata ndi zitsulo zazitali zisanakwezedwe.

Omanga akaweruka, pa puloti pamalowa ana. Dzenje la cimbudzi losamalizidwa limadzaza madzi ndi mvula ya usiku umodzi, ndipo mwana wamng'ono angamire m'madzi osafika ndi m'maondo a munthu wamkulu. Madzulo ali onse maenje abvundikiridwe ndi zinthu zolemera zimene mwana sangasunthe, migolo ya madzi itsekedwe, makwerero agonekedwe pansi, ndipo matabwa a misomali aunjikidwe pamalo amodzi misomali itakhomereredwa kapena kuzulidwa.